Lipoti la nkhani: mayi wazaka 56 amene nsidze zawo zinkathothoka

Lipoti ili likunena za mayi wazaka 56, mphunzitsi wa kupulayimale, amene anabwera ku kiliniki yathu ya maso akufuna chinthu chimodzi chokha: mankhwala omeretsa nsidze za m'zikope. Ndasintha zina ndi zina kuti asadziwike. Ndalemba nkhani yawo chifukwa odwala otere timakonda kuwapeputsa. Pamzere pamakhala agogo a ng'ala, ana otupa maso ndi amisiri owotcherera zitsulo amene kachitsulo kawalowa m'diso, ndiye munthu akati "nsidze zanga zikutha" mtima umafuna kumupatsa kachubu ka mafuta n'kuitana wotsatira. Mwa mayi awa tinapeza mavuto anayi osiyana, ndipo loopsa kwambiri silinali la nsidze.

Zimene anadandaula

Kwa chaka ndi theka nsidze za zikope zakumwamba zinkachepa pang'onopang'ono. Akasamba kumaso ankazipeza pathaulo. M'mawa zikope zinkamatana ndi manthongo ouma, maso ankayabwa, ndipo madzulo ankamva ngati muli mchenga. Ankaona bwino, kupatula powerenga, pamene ankavala magalasi ogula kumsika. Anasiya kusamba ali ndi zaka 50. Analibe shuga, analibe bipi, ndipo sanachitidwepo opaleshoni ya maso.

Mayiwa ndi mlangizi wa maukwati kumpingo kwawo. Anthu akangokolola mpaka mvula yoyamba, pafupifupi Loweruka lililonse amakhala kutsogolo pa chinkhoswe kapena pa bulaido shawa, makamera ali pa iwo. Nsidze zomata zinayambira kumeneko. Poyamba ankamata zatsiku limodzi, kenako anayamba zija zomata timagulutimagulu zokhala milungu itatu. Nsidze zawo zitayamba kuchepa anaonjezera kumata kuti abise mipata, ndipo mipata inkakulirakulira. Nditafunsa za guluu anayankha mosabisa kuti, "Ndi wakuda uja, adokotala, womatira meshi kumutu. Akuti ndi amene amagwira bwino." Zomatazo zikayamba kuyabwa ankazisolola okha ndi zala, osadikira tsiku la kusaluni.

Ndinawapempha kuti atulutse chilichonse chimene amaika m'maso kapena pafupi ndi maso. Kufunsa kokha sikukwanira, chifukwa kwa anthu ambiri chogula okha si mankhwala, mankhwala ndi a kuchipatala. M'chikwama munatuluka zinthu zinayi. Choyamba chinali kabotolo ka mankhwala odonthezera m'maso okhala ndi dexamethasone (mankhwala ochepetsa kutupa a m'gulu la steroid) ndi antibayotiki, amene ankagula popanda kalata ya dokotala ndipo anali atadonthezera kwa miyezi isanu, katatu patsiku, chifukwa "amayeretsa maso". Chachiwiri chinali kachubu ka seramu wa nsidze (chodzola chimene amati chimameretsa nsidze) kamene mwana wawo anatumiza kuchokera ku Johannesburg, kamene anali atapaka milungu isanu ndi umodzi. Panalinso mapiritsi a vitamini wotchedwa biotin, komanso mafuta a nsatsi ogula kumsika, ali m'kabotolo kopanda chizindikiro.

Mafunso a thupi lonse anawadabwitsa. Inde ankatopa msanga, inde ankamva kuzizira anzawo akudandaula kutentha, ankadzimbidwa, khungu linkauma, zovala zinayamba kuthina chonsecho kadyedwe sikanasinthe, ndipo kukwaya anawasuntha chifukwa mawu anayamba kusasa. Zonsezi iwo ankazitcha ukalamba.

Zimene tinapeza powayeza

Pa tchati choyezera maso, maso onse awiri ankaona 6/9, kuchepera pang'ono pa kuona bwinobwino, ndipo ndi magalasi anafika 6/6, kumene ndi kuona bwinobwino. Pa makina ounikira maso, m'mphepete mwa zikope munali motupa pang'ono, ndipo m'tsinde mwa nsidze zambiri munali timfundu tozungulira tsitsi lililonse ngati kamkombero. Timabowo ta mafuta ta kumbuyo kwa nsidze tinali totsekeka, ndipo nditafinya panatuluka mafuta olimba, oyera, m'malo mwa mafuta oonekera bwino. Nsidze zotsalazo zinali zosiyana kutalika: zina zoduka pakati, zina zongophuka kumene, zina zitamatirana zitatuzitatu ndi zotsalira za guluu. Kumapeto kwa chikope chakumanzere, chakukhutu, panali kampata kosalala komwe timabowo ta tsitsi sitinkaoneka n'komwe. Khungu la zikope zakumwamba linali litada kuposa nkhope yonse, kamzere kotsata ndendende pamene ankapaka seramu.

Nsidze za pamwamba pa maso nazonso zinali zitapyapyala chakumapeto, mbali zonse ziwiri. Iwo ankajambulapo ndi pensulo ndipo sanazitchule.

Kenako presha ya m'maso: 27 kumanja, 25 kumanzere. Mwa munthu wabwinobwino timayembekezera pakati pa 10 ndi 21 mmHg. Mtsempha wa diso, umene umalumikiza diso ndi ubongo, unkaoneka wabwino mbali zonse, ndipo ng'ala inali isanayambe.

Zimene tinayamba tazichotsa m'maganizo

Kuthothoka kwa nsidze si matenda paokha, ndi chizindikiro, ndipo kuno kwathu mndandanda wa zoyambitsa ndi wosiyana ndi umene munthu amawerenga pa intaneti. Ndinatembenuza zikope zonse kuti ndione mkati ngati muli zipsera za trachoma, matenda opatsirana otupitsa mkati mwa zikope. Bungwe la WHO linalengeza mu 2022 kuti dziko la Malawi lathana ndi trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu ambiri, koma anthu azaka 50 ndi 60 anakula matendawa ali paliponse, ndipo ena zipsera zimawapindira nsidze mkati, iwo n'kumazizula okha kuti zisakande diso. Munthu wotere amaoneka ngati nsidze zathothoka, koma chimene akufunika ndi opaleshoni ya chikope. Mayi awa mkati munali mosalala.

Khate nalonso silinatheretu. Nsidze za pamwamba pa maso kuyamba kutha chakumapeto ndi chizindikiro chake chodziwika kuyambira kale. Ndinayang'ana makutu ngati akhuthala, ndinafufuza pakhungu ngati pali mabala otuwa osamva kukhudza, ndinagwira mitsempha ya pachigongono ndi kuseri kwa bondo. Zonse zinali bwino. Chindoko chikafika gawo lachiwiri chimathothola tsitsi, nsidze zomwe, choncho tinayeza magazi pamodzi ndi HIV atavomereza. M'mutu munalibe timadazi tozungulira, ndipo tsitsi la pachipumi silinabwerere m'mbuyo, chinthu chimene ndimachiyang'ana mwa amayi osiya kusamba chifukwa pali mtundu wa dazi wosiya zipsera umene umakonda msinkhu umenewu ndipo nthawi zambiri umatenganso nsidze.

Kampata kosalala kaja ndinakayang'anitsitsa kuposa pena paliponse. Nsidze zikatha malo amodzi okha, diso limodzi, makamaka pakakhala kachotupa, kachilonda kosapola, kapena m'mphepete mwa chikope mukakhala mopindika, tiyenera kuganiza za khansa ya chikope mpaka titatsimikiza kuti si imeneyo. Pali khansa ina ya timabowo ta mafuta imene imanamiza ngati kutupa wamba kwa chikope kwa miyezi yambiri. Apa panalibe chotupa, khungu linali lofewa, koma ndinajambula chithunzi kuti ndizifananiza ulendo uliwonse.

Zoyeza magazi

Kutopa, kuzizidwa ndi kudzimbidwa kuja kunatiganiziritsa za chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, koma sitinachiyeze tsiku lomwelo. Biotin wochuluka amasokoneza makina ena oyezera, ndipo amatha kuonetsa TSH yotsika ndi T4 yokwera pamene zoona zake si choncho (awa ndi mahomoni oyezera chithokomiro: chikafooka TSH imakwera, T4 imatsika). Mwa munthu amene tikumuganizira kuti chithokomiro chake chafooka, bodza limeneli likhoza kubisa matendawo. Ndinawauza kuti asiye mapiritsiwo, abwerenso pakatha masiku atatu. TSH inatuluka 18, pamene malire ake amakhala cha pa 0.4 mpaka 4, ndipo T4 inali yotsika. Shuga anali bwino, chindoko ndi HIV panalibe.

Choncho tinali ndi kutupa kwa m'mphepete mwa zikope, nsidze zozuka ndi zoduka chifukwa cha guluu ndi kukoka, chithokomiro chofooka, ndi presha ya m'maso yokwera chifukwa cha dexamethasone. Pamwamba pa zonsezi pali msinkhu, umene mwachibadwa umafupikitsa ndi kupyapyalitsa nsidze. Msinkhuwo ndi wokhawo umene sitingausinthe, ndipo unali ndi gawo laling'ono kuposa mmene iwo ankaganizira.

Chithandizo

Tinayamba ndi presha. Anthu ena akadonthezera steroid kwa milungu ingapo presha ya m'diso imakwera mwakachetechete, osamva kupweteka kulikonse, ndipo ikakhalitsa imapha mtsempha wa diso. Munthu akasiya kuona chifukwa cha zimenezi sadzaonanso. Nditakambirana ndi dokotala wamkulu wa maso, tinachepetsa madonthowo pang'onopang'ono kwa milungu iwiri m'malo mowasiyitsa lero ndi lero, ndipo ndinawachenjeza kuti maso afiiranso kwa kanthawi, asathamangire kukagula kabotolo kena. Popeza mtsempha unali bwino, sitinayambe mankhwala otsitsa presha, tinangosankha kuyeza pafupipafupi.

Seramu tinamusiyitsa. Pa kachubuko panalembedwa zambiri za zitsamba ndi mavitamini, koma m'munsi mwa mndandanda, mwa zilembo zing'onozing'ono, munali isopropyl cloprostenate. Ameneyu ndi wa m'banja limodzi ndi mankhwala a glaucoma, matenda owononga mtsempha wa diso amene nthawi zambiri amayendera limodzi ndi presha yokwera, ngakhale amagulitsidwa ngati chodzola. Dzina lililonse lokhala ndi "prost" pakati pa zosakaniza za seramu wa nsidze liyenera kutidzidzimutsa. Ndiye anadetsa zikope, ndipo popeza mankhwala a m'banja limeneli amatsitsa presha, n'kutheka kuti nambala tinapezazo zinali zochepa kuyerekeza ndi zenizeni. Ichi chinali chifukwa china choyezera pafupipafupi atasiya zonse ziwiri.

Guluu wotsala tinamufewetsa ndi mafuta a m'maso n'kumuchotsa pang'onopang'ono pa makina, popanda kukoka. Guluu wa meshi sanapangidwire chikope, ndipo wambiri amakhala ndi latex amene anthu ena thupi lawo limadana naye. Ngakhale guluu wopangidwira nsidze ali ndi mavuto ake: kafukufuku wa ku Japan wofalitsidwa mu 2012, wa amayi 107 amene anadwala maso atamata nsidze, anapeza formaldehyde, mankhwala owawa m'maso, mu guluu amene anayezedwa. Ndinawapempha kuti asamatenso kanthu kwa miyezi isanu ndi umodzi. Apa ndi pamene panali mkangano. "Ndiye ndikaime kutsogolo kwa anthu maso ali mbee, adokotala?" Ndinati, "Amayi, magalasi anu atsopano akhale a mafelemu okhuthala, pensulo ya pamwamba pa maso pitirizani. Koma m'mphepete mwa chikope musaikemo kanthu." Anaseka, koma anavomera.

Kutsuka zikope ndinawaonetsa ndi manja, chifukwa malangizo apakamwa amatha munthu akangotuluka pakhomo. Kathaulo koyera aviike m'madzi ofunda, oti akaika kuseri kwa dzanja sakuwotcha, aike pamaso otseka kwa mphindi zisanu kapena khumi, akazizira aviikenso. Akatero asisite chikope ndi chala cholunjika ku nsidze, chakumwamba chotsitsa, chakumunsi chokweza, kuti mafuta olimba aja atuluke. Pomaliza atenge thonje lonyowetsa m'madzi owiritsa ndi kuziziritsa, apukute m'tsinde mwenimweni mwa nsidze kuchokera kumphuno kupita chakukhutu, diso lililonse thonje lake. Ambiri amapukuta khungu la chikope n'kusiya tsinde la nsidze, komwe kuli vuto. Ulendo woyamba mayiwa anachita chimodzimodzi, moti ndinawagwira dzanja pagalasi mpaka thonje linatuluka ndi timfundu. Kawiri patsiku mwezi woyamba, kenako kamodzi patsiku mpaka kalekale, chifukwa kutupa kumeneku kumagonja koma sikutheratu. Usiku ankapaka mafuta a tetracycline 1% m'mphepete mwa zikope kwa milungu inayi, ndipo masana madontho ofewetsa maso.

Timfundu tozungulira tsitsi toteretu nthawi zambiri timasonyeza tizilombo ta Demodex, timene timakhala m'timabowo ta tsitsi ndipo timachuluka munthu akamakula. Anthu amawerenga kuti mafuta a tea tree amatipha, n'kupaka osasungunula. Amawotcha diso koopsa. Ndinawaletseratu.

Mafuta a nsatsi sindinawanyoze, chifukwa makolo athu akhala akudzola kuyambira kale. Amakuta tsitsi n'kulionetsa lonenepa ndi lowala, koma palibe umboni woti amameretsa nsidze zatsopano, ndipo a kumsika sitidziwa anafinyidwa bwanji kapena anasakanizidwa ndi chiyani. Pa chikope chotupa kale ndinati adikire. Anafunsanso ngati angadetse nsidze zotsalazo ndi utoto wakuda wa kumutu. Ayi wamkulu. Utoto wambiri wa kumutu uli ndi paraphenylenediamine, mankhwala omwewo amene anali mu Lash Lure, utoto wa nsidze umene unachititsa khungu amayi angapo ku America cha mu 1933 ndipo unathandiza kuti mu 1938 dzikolo likhazikitse lamulo loyang'anira zodzola.

Za chithokomiro tinawatumiza ku kiliniki ya matenda a akuluakulu, komwe anawayambitsa levothyroxine, mankhwala olowa m'malo mwa homoni ya chithokomiro, omwa m'mawa asanadye kanthu. Ndinawauziratu kuti miyezi yoyambirira tsitsi likhoza kuthothoka pang'ono kuposa kale, asaganize kuti mankhwala awalakwira.

Nanga mankhwala omeretsa aja?

Alipo, ndipo ndinawauza zoona. Bimatoprost 0.03% anayamba ngati mankhwala a glaucoma, madokotala n'kuona kuti odwala awo nsidze zikutalika. Mu December 2008 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linawavomereza ngati mankhwala a nsidze zochepa, pa dzina la Latisse. Pa kafukufuku amene anachititsa kuti avomerezedwe, anthu 78 pa 100 alionse anaona kusintha pofika sabata ya 16, poyerekeza ndi 18 pa 100 mwa amene anapatsidwa madzi opanda mankhwala. Amagwira ntchito potalikitsa nyengo imene tsitsi limakula. Amapakidwa kamodzi usiku, m'tsinde mwa nsidze zakumwamba zokha, ndi kopakira katsopano diso lililonse, ndipo zosefukira zipukutidwe chifukwa paliponse pamene akhudza kawirikawiri pamamera tsitsi.

Koma ali ndi mtengo wake, ndipo sindikunena za ndalama zokha. Maso amatha kufiira ndi kuyabwa. Khungu la chikope limada, ngakhale nthawi zambiri limabwerera ukasiya. Mtundu wa diso ukhoza kuderapo mpaka kalekale, ngakhale kwa ife a maso oderapo kale zimenezi sizioneka kwenikweni. Chimene ndimachitchula kwambiri kwa amayi amsinkhu uwu ndi kusungunuka kwa mafuta ozungulira diso: maso amalowa mkati, pamwamba pa chikope pamachita kadzenje, munthu n'kuoneka wokalamba kuposa mmene analili asanayambe. Amene anadwalapo kutupa kwa mkati mwa diso, amene anachitidwa opaleshoni ya ng'ala yovuta, ndi amene akulandira kale mankhwala a glaucoma sayenera kuyamba popanda dokotala wa maso. Ndipo ukasiya, nsidze zimabwerera mwakale pakapita milungu kapena miyezi.

Kwa mayi awa, kuwapatsa mankhwalawa pa nthawi imeneyo kukanakhala kuthira feteleza m'munda wodzaza kaufiti. Chikope chinali chotupa, chithokomiro chisanakonzedwe, ndipo tinkafunika kudziwa presha yawo yeniyeni popanda chilichonse choisokoneza. Tinagwirizana kuti tidzakambiranenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Ndinawafotokozeranso chifukwa chake kudikira n'kotalika chonchi. Chikope chakumwamba chimakhala ndi nsidze pakati pa 90 ndi 160, ndipo iliyonse ili ndi nthawi yakeyake. Imakula kwa mwezi umodzi kapena iwiri yokha, kenako imapuma kwa miyezi ingapo isanagwe kuti ina imere. Pa nthawi imodzi nsidze zambiri zimakhala zikupuma, osati kukula. Choncho ngakhale chikope chitachira lero, diso la munthu silingaone kusintha mwezi womwewo. Amene salongosoleredwa zimenezi amataya mtima pa sabata yachitatu n'kubwerera ku guluu.

Mmene zinayendera

Patatha milungu iwiri presha inali 23 ndi 22, maso atafiira monga tinanenera, koma sanagule madontho aja. Pa milungu isanu ndi umodzi inatsika kufika 17 ndi 16, ndipo yakhala pamenepo. Tinayezanso mmene akuonera cham'mbali, ndipo panalibe powonongeka. M'buku lawo la kuchipatala tinalembamo ndi zilembo zazikulu kuti steroid amawakwezera presha ya m'maso, kuti aliyense wodzawapatsa mankhwala otere, a m'maso kapena akumwa, adziwe. Ndinawauzanso kuti aziyezetsa presha chaka chilichonse, chifukwa anthu amene presha imakwera ndi steroid ali pachiopsezo chokulirapo cha glaucoma, matenda amene anthu akuda amatigwira msanga kuposa mitundu ina.

Kuyabwa ndi manthongo zinachepa mwezi woyamba. Pa miyezi itatu tsinde la nsidze linali loyera ndipo timera tatifupi tinali mbwee m'mipata yambiri. Kuda kwa zikope kunazilala. TSH inatsika atasintha mlingo wa levothyroxine kamodzi, kutopa kunachepa, ndipo anati kudzimbidwa kunatha asanazindikire n'komwe.

Pa miyezi isanu ndi umodzi nsidze zinali zitadzaza bwino, ngakhale zinali zazifupi ndi zopyapyala kuposa za pa chithunzi cha ukwati wa mwana wawo chimene anandionetsa pafoni. Zimenezo ndiye za msinkhu. Nsidze za pamwamba pa maso zinachedwa, koma zinayamba kubwerera. Kampata ka kumanzere kaja sikanamere, ndipo sikanakule kapena kusintha maonekedwe pa zithunzi zonse. Tikuganiza kuti ndi chipsera cha kukoka mobwerezabwereza pamalo otupa, ndipo pamene timabowo ta tsitsi tafa palibe seramu kapena bimatoprost amene angameretse. Tikupitiriza kukayang'anira, ndipo kakadzasintha pang'ono pokha tidzatenga kanyama kukayeza.

Titabwereza nkhani ya bimatoprost, iwo anakana okha, atamva za maso olowa mkati komanso zoti ayenera kupaka usiku uliwonse osalekeza. Tinagwirizana za masikara wamba, osati wosachoka ndi madzi uja amene amafuna kupekesa pochotsa, wawo okha osabwerekana, kutaya pakatha miyezi itatu, ndi kuchotsa usiku uliwonse asanagone. Pa mwambo waukulu angamate zatsiku limodzi ndi guluu wopangidwira zikope, pakhungu osati pa nsidze, n'kuzichotsa madzulo omwewo atazifewetsa kaye. Zokhala milungu itatu zija tinasiyana nazo. Adzabweranso pakatha miyezi isanu ndi umodzi kudzayezetsa presha ndi kujambulitsa chikope chakumanzere.